Mkonono ndi Galimoto Yosalankhula

Ana anga, ndi inu zidzukulu zanga, nthawi zonse mukabwera kuno ku Domasi mumandifunsa funso limodzi. Mumati kodi chiphapha chili pansi pa mtengo wa mango chija chikudikira chiyani, popeza pakhonde pali galimoto ya magetsi yosafuna ngakhale dontho la petulo. Ndimakuyankhani mozungulira chifukwa ndimaona kuti ena mwa inu mumafunsa mutapangana kale ndi wogula. Lero ndiyankha bwinobwino, ndipo amene munapangana ndi wogulayo mukamuuze kuti asadikire.

Kumayambiriro kwa zaka za m'ma 1980

Ntchito yanga yoyamba, yomwenso inakhala yomaliza, inali yoyendetsa ambulansi ya chipatala china cha mishoni m'dera lathu lino. Ndinali nditangotenga laisensi, ndikudziona ngati mwini msewu. Anandipereka m'manja mwa dalaivala wamkulu, Che Ajasi, Myao wa kuseri kwa Malosa, munthu amene kuseka kwake ndinakuona mwina kawiri. Tsiku loyamba sanandilole kugwira chiwongolero. Anangoliza injini nandiuza kuti nditsinzine. "Mvera," anatero. "Galimoto imanama pa dashibodi, koma pakhosi sinama. Geji ikakuuza kuti mafuta alipo, iwe tsika, uviike kamtengo m'thanki. Dalaivala wokhulupirira amagona patchire." Ine kukayikira ndinabadwa nako, moti maphunziro amenewa sanandivute. Amayi anu ankanena kuti ngakhale tiyi ndimayamba ndamununkhiza.

Masiku amenewo ambulansi inali imodzi, ndipo inkanyamula amoyo ndi omwalira omwe. Tsiku lina tinkaperekeza thupi la mayi wina kumudzi wa kumtunda kwa mtsinje wa Domasi. Titafika pamwamba pa chitunda, madenga a mudziwo akuonekera kumunsi, Che Ajasi anazimitsa injini, galimoto n'kuyamba kutsetsereka yokha mwakachetechete. Ndinafunsa ngati mafuta atha.

"Womwalira salowa m'mudzi ndi phokoso," anandiyankha. "Komanso anthu aja kumunsiku akhala akutchera khutu kuyambira m'mawa. Tikalowa injini ikulira, adziwa kuti wodwala wawo wachira. Tikalowa chete, amayi ayamba kulira tisanatsike, ndiye sipafunikanso munthu woti atsegule pakamwa kunena mawu olemerawo."

Asanatsirize kulankhula, kulira kunayambadi kumunsi. Kunalibe mafoni nthawi imeneyo, ndipo midzi yambiri ya m'chigwa muno ili kumunsi kwa msewu, kotero njira imeneyi inkagwira ntchito. Pamalo osatsetsereka tinkayamba tathamangitsako pang'ono kuti galimoto ikafike yokha. Bwana wathu, Sisitala Benadeta, atamva zoti timazimitsa injini panjira anaganiza kuti tikusunga petulo wogulitsa. Tsiku lina anakwera nafe osanena chifukwa. Anaona zonse, anapukuta misozi, koma pobwerera anati, "Pitirizani, n'zaulemu. Koma mafutawo ndiziyezabe." Ndinawalemekeza kwambiri mayi amenewo chifukwa tinkafanana mtima.

Kuyambira pakati pa zaka za m'ma 1990 mpaka kupuma ntchito

Che Ajasi atapuma, chipatala chinalandira pikapu ya petulo yokhala ndi denga kumbuyo, ndipo anaipereka kwa ine. Isanathe ngakhale chaka, paipi yake ya utsi inagunda mwala powoloka kamtsinje. Owotcherera zitsulo a pa Songani anaiwotcherera kambirimbiri, koma mawu ake sanabwererenso. Inkalira ngati munthu wamkulu amene wagona chagada atakhuta, ndiye anthu anaipatsa dzina loti Mkonono. Kukongola kunalibe, koma ukaipa dziwa nyimbo. Anthu ankaumva usanaoneke, ndipo ankadziwa kusiyanitsa kulira kwake ndi kwa malole a mitengo.

Zaka zingapo ananditumiza ku kachipatala kakang'ono cha kufupi ndi Naisi, kumene bwana wake, a Chimtengo, ankayenda ndi kiyi wa ambulansi m'thumba la buluku, ngakhale popita ku tchalitchi. Wodwala akabwera, tinkayamba tasakasaka bwana. Kumeneko ndinaphunzira kusoka lamba wa fani ndi waya ndiponso kumata thanki ndi sopo, chifukwa kupempha chipangizo chatsopano kunali ngati kupempha mvula mu Okutobala. Pamene ndinkapuma ntchito, chipatala chinali chitapeza ambulansi ina, ndipo Mkonono anaugulitsa kwa ine, popeza panalibenso wina amene unkamumvera.

Ndinabwera nawo kuno kwa amayi anu, kumene ine ndine mkamwini. Mukudziwa kuti mudzi wathu uli kumunsi kwa chitunda cha pa Mkuyu. Mkamwini wokhala ndi galimoto sakana. Wodwala, wapakati amene nthawi yamukwanira, bokosi lochokera ku tauni, zonse zinali za ine Namakhwa ndi Mkonono wanga. Mafoni anali atabwera, komabe anthu a m'mudzi muno ankakhulupirira makutu awo kuposa foni. Ndikatsika chitunda ndikulira, ana ankathamangira kumsewu. Ndikatsika chete, amayi a m'mudzi ankamanga nsalu m'chiuno.

Zaka za mizere ya mafuta

Amayi anu anali ndi mphumu kuyambira pa utsikana, koma ukalamba utafika inakula. Ikawagwira, makamaka nyengo yozizira, pankafunika kuthamangira nawo kuchipatala mosazengereza. Nthawi yomweyo ndi imenenso petulo anayamba kusowasowa. Ndinkakhala pamzere ku Songani kapena ku Zomba kuyambira m'mawa mpaka dzuwa kupendeka, n'kumva kuti watha nditatsala pang'ono kufika pa pampu. Wa m'zigubu wogulitsidwa m'mbali mwa msewu ndinkayamba ndamununkhiza, ndipo kawirikawiri ndinkamvamo parafini. Choncho ndinasunga chigubu changa kuseri kwa nkhokwe, ndikuti ameneyu ndi petulo wa amayi anu basi. Koma m'mudzi mulibe kuseri. Munthu akagwada pakhomo pako kuti mwana wake wakomoka, sungamuuze kuti mafuta alipo koma ndi a wodwala wa mawa.

M'mawa wina wa chiperoni mphumu ija inabwera mwamphamvu. Thanki inali gwa, chigubu chinali gwa, chifukwa dzulo lake ndinali nditapititsa mtsikana wa nyumba yoyandikana nafe kukachira. Tinaitana njinga yamoto ya kabaza. Amayi anu, mayi wamkulu wa mumpingo, tinawamanga ndi chitenje kumsana kwa woyendetsa ngati mtolo wa nkhuni kuti asagwe, ine n'kumatsatira pa njinga ina. Ndinanyamula odwala a anthu ena moyo wanga wonse, koma mkazi wanga anapita kuchipatala atamangidwa pa njinga. Sindinachitepo mantha ndi manyazi ngati tsiku limenelo.

Iwe Tamandani, mwana wanga woyamba, unabwera kuchokera ku Blantyre ndi amuna ako a Lifa. Unandipeza panja pa wodi ndipo sunandipatse ngakhale moni wokwanira.

"Ababa, galimoto ija yakwana. Takambirana ndi a Lifa, tikupezerani ya magetsi, yakale pang'ono koma yabwino. Tiika sola padenga, muzitchaja pakhomo pomwepo. Za mizere muiwale."

"Nanga Mkonono?"

"Umenewo musade nawo nkhawa, bambo," anatero a Lifa. "Ndikudziwa munthu amene angautenge."

Anayankha msanga kwambiri. Ndinakumbukira kuti pa Khirisimasi ndinawapeza atagwada, akusuzumira kunsi kwa Mkonono, ndipo nditawafunsa anati akungoona. Munthu sadetsa maondo a buluku yatsopano chifukwa chongoona.

Chaka chimene inabwera ya magetsi

Inafika yoyera, yaing'ono, yosalala ngati sopo watsopano. Amisiri anakhoma sola padenga la nyumba ndi mabatire m'chipinda chosungiramo chimanga. Mudzi wonse unabwera kudzaigwira. Ine ndinayamba n'kutsegula boneti. Munalibe poviika kamtengo, munalibe lamba woti n'kumukoka, munalibe fungo lililonse. Nditaiyatsa ndinatsinzina monga anandiphunzitsira Che Ajasi, ndipo sindinamve kanthu. Iwe Tamandani unandilozera nambala pa dashibodi kuti imeneyo ndiyo ikundiuza mphamvu yotsala. Ndiye kuti galimoto imeneyi inali ndi pakamwa ponamira pokha, pakhosi ponenera zoona inalibe. Ndinakufunsa kuti nanga chiperoni chikaphimba dzuwa sabata yathunthu, magetsi a pa waya nawo atazima monga mwa masiku onse, titani? Nanga ikadzafa pakati pa njira, ndani adzaidzutse? Makaniko wanga wa pa Songani anali atandiuza kale kuti zimenezo ndikafunse okonza mafoni. Unandiyankha zonse moleza mtima, ndipo kuleza mtimako kunandiwonjezera chikayiko. Chikomekome cha mkuyu, m'kati muli nyerere.

Ndinaiyendetsa kangapo pabwalo la mpira kuti musakhumudwe, kenako ndinaiimika pakhonde n'kuifunda lona. Nkhuku zinapeza mthunzi. Amayi anu okha ndi amene ankaisamala. M'mawa uliwonse dzuwa likakwera ankatenga chingwe chija n'kuchilowetsa, ngati akumwetsa mbuzi. Iwe pafoni unkangoti, "Ababa, mapanga awiri avumbwitsa. Sankhani imodzi. Munthu wa a Lifa uja akudikira mpaka tikakolole." Ine ndinkati ndamva, m'mtima ndikuti adikira mpaka atatopa.

Mphumu sinadikire kukolola. Inabweranso m'mawa wina, ine nditabwerako chimanjamanja pamzere dzulo lake. Ndinatenga foni kuti ndiitane wa kabaza, koma amayi anu anandigwira mkono. Mawu ankatuluka limodzilimodzi. "Musandimangenso pa njinga," anatero, akuloza pakhonde. Ndinachotsa lona, ndinathamangitsa nkhuku, ndinawagoneka pampando. Galimoto ija inakwera chitunda cha pa Mkuyu ngati palibe chitunda. Koma chimene sindidzaiwala ndi ichi: njira yonse ndinkamva kupuma kwawo, kalikhweru kaja ka m'chifuwa, kuleka, n'kuyambanso. Zaka zonse zija Mkonono unkandibisira zimenezi, ndipo ndinkayendetsa mtima uli m'malo chifukwa sindinkamva. Tsiku limenelo ndinayendetsa ndikumva zonse, koma tinafika ali ndi mpweya.

Anakhala m'chipatala masiku angapo. Mng'ono wawo, a Dorofe, anabwera kudzazonda tsiku limene zinali zitavuta kwambiri, anawapeza ali pa makina opumira, ndipo anabwerera kumudzi akupukusa mutu. Pambuyo pake amayi anu anachira mofulumira, n'kutulutsidwa. Kumudzi sindinaimbe. Ine za matenda sindikamba pafoni, chifukwa sudziwa amene waima pafupi ndi wolandirayo.

Tinafika pa Mkuyu chakumadzulo, amayi a m'mudzi ali pa mjigo. Kunkazizira, ndiye amayi anu anali atapendeketsa mpando n'kudzifunda chitenje mpaka kumutu. Ndinkatsika pang'onopang'ono chifukwa cha maenje. Za phokoso sindinaganizeko n'komwe, popeza m'mutu mwanga injini inali yoyaka. Koma anthu a pa mjigo anaona a Namakhwa akutsika chitunda chete, pambali pawo pali munthu wogona wofundidwa kumutu. Ndinaona ndowa ya a Dorofe ikugwa, madzi n'kumwazika. Kulira kunayambira pa mjigo n'kulowa m'mudzi patsogolo pathu. Pamene tinkafika pakhomo, amuna anali atavula zipewa, ndipo ena anali atayamba kutulutsa mipando m'nyumba kuti mukhale malo ogonekapo thupi.

Amayi anu anavundukula chitenje, anatsegula chitseko, anaponda pansi. "Kodi kwagwa zovuta? Wamwalira ndani?" anafunsa. Ena anathawira kuseri kwa nyumba. A Dorofe anangokhala pansi pafumbi, akuyang'ana mkulu wawo kukamwa kuli yasa. Atapeza mawu sanalankhule ndi iwo, analankhula ndi ine.

"Alamu, mwatilakwira. Zaka zonsezi munatiphunzitsa ndinu nomwe kuti mukatsika chete ndiye kuti zavuta. Lero mwatiliritsa munthu wamoyo."

Pambuyo pake anthu anaseka mpaka kugwira m'mimba, ndipo nkhaniyo inafika ku Songani ine ndisanafikeko. Ine sindinaseke. Kulirira munthu wamoyo sikukhala bwino, ndipo ndinkaona ngati galimotoyo yatilosera zoipa.

M'mawa mwake amayi anu anali pamkeka akuwothera dzuwa. Ndinawauza kuti ndaganiza, chinthu choyerachi chibwerere ku Blantyre.

"Abambo a Tamanda, khalani pansi," anatero. "Inu munaona maliro, ine ndinaona njira. Ndi galimoto iti inandifikitsa ndili ndi mpweya? Mkonono wanuwo unali pansi pa mango, kukhosi kuli gwa. Yoyerayi ikhala. Mukafika pa Mkuyu muziliza hutala, dzanja muli nalo."

Ndinali nditafufuza bodza la galimoto imeneyo miyezi yonse ija, ndipo tsiku limene ikanandinamiza sinandinamize. Ndinafunsa motsitsa mawu ngati ndiwauze a Lifa kuti abwere ndi munthu wawo uja.

"Ayi," anatero. "Dzulo ndamva maliro anga, ndipo sanandisangalatse. Anthu anangodzidzimuka ngati aona mbala. Yoyerayi imakhala chete kwa aliyense, wamoyo ndi wakufa yemwe, ndiye kukhala chete kwake si ulemu. Tsiku langa likadzafika, mudzanditenge pa Mkonono. Anthu adzaumve ukubwera kuchokera kutali, adzaime, adzakonze mitima. Kenako mudzazimitse."

Ndinawakalipira kuti asamalankhule zotero dzuwa likuswa mtengo. Iwo anangoseka n'kundituma kuti ndikalowetse chingwe chotchajira.

Tsiku lomwelo ndinakuimbira, Tamandani. Ndinati ya magetsi ndaivomera, ndipo ndiyo iziyenda maulendo onse, koma Mkonono suchoka. Unanenanso za mapanga awiri. A Lifa anatenga foni n'kundifotokozera kuti galimoto yongokhala imadya matayala ndi dzimbiri, kuti munthu wawo uja anali atakonza kale malo. Chifukwa chenicheni sindinakuuzeni, popeza amayi anu anati musamve, mungayambe kuwalira nanunso. Ndinalola kuti muzinditenga ngati nkhalamba yaliuma. Ngati munthu wa a Lifa uja analipodi, kapena anali a Lifa eniake, mpaka lero sindidziwa.

Kuyambira pamenepo odwala a m'mudzi muno ndinkawanyamula pa yoyera, ndikuliza hutala kuyambira pa Mkuyu mpaka pa mjigo. Batire ndinkalikayikirabe, ndipo nthawi ya chiperoni sindinkapita nayo kutali, ngakhale nambala ija inene zotani. Koma chabwino chimodzi ndinachiona: magetsi sathiridwa m'botolo, ndiye palibe ankabwera kudzabwereka. Chigubu cha kuseri kwa nkhokwe nacho chinayamba kukhala chodzaza, popeza wodwala aliyense anali ndi pokwera. Loweruka lililonse ndinkaliza Mkonono pang'ono kuti usaiwale mawu, ndipo petulo akakhalitsa ndinkamusintha. Amayi anu ankamvetsera ali pamkeka, n'kunena kuti ukadali ndi mphamvu kuposa mwini wake.

Chaka chatha

Yoyera ija inawapititsa kuchipatala maulendo ena angapo, ndipo ulendo uliwonse inawabweza ndikuliza hutala. Ulendo womaliza, nyengo yozizira ya chaka chatha, inawafikitsanso ali ndi mpweya, koma mtima unali utatopa. Munalipo nonse. Mukukumbukira kuti munapeza galimoto yapadera ya maliro, yonyezimira, ya makatani, ndipo ine ndinakana. Munkanong'onezana kuti chisoni chandisokoneza mutu pamene ndinabwerera kumudzi n'kudzatulukira pa geti ya chipatala ndi chiphapha cholira ngati chigayo. Tamandani, unakhala pambali panga njira yonse osandilankhula, ndipo sindinakuimbe mlandu.

Tinachoka pa msewu wa tala, tinawoloka mlatho. Mkonono unalira tsiku limenelo ngati ukudziwa amene wanyamula. A Dorofe anandiuza pambuyo pake kuti anaumva tili kutsidya. Anasiya zimene ankachita, anatuluka panja, anapeza mudzi wonse utaima m'makomo, popeza panali patapita nthawi yaitali Mkonono usanamveke pamsewu. Anaumva ukukwera, ukusintha giya, ukufika pa Mkuyu. Pamenepo ndinapotoza kiyi. Tinatsetsereka, matayala okha akumveka pamiyala, ndipo kumunsi a Dorofe anayamba, ena n'kulandira. Ulendo uno palibe anadzidzimuka ndipo palibe analakwitsa. Iwe unandigwira pa bondo n'kunena kuti, "Anakuuzani ndi amayi, eti?" Ndinangogwedeza mutu, chifukwa ndikanatsegula pakamwa galimoto ikanalowa m'munda.

Ndiye yankho la funso lanu ndi limeneli. Ya magetsi ndikuyenda nayo, ndipo ndikadzapita mudzaone nokha chochita nayo. Mkonono watsala ndi ulendo umodzi. Chigubu chili kuseri kwa nkhokwe, ndipo kiyi ali pa msomali wa kuseri kwa chitseko cha kuchipinda. Amene adzayendetse abwere ine ndikadali moyo, tikayeserere pa Mkuyu. Pozimitsa asadzazule kiyi, chifukwa chiwongolero chimadzitseka, ndipo injini ikazima mabuleki amalimba, ndiye pamafunika kuponda ndi mwendo wonse.